Momwe a Chimkwende Anatsikira Mpaka Kufika pa Wagoni

Magalimoto a mtundu wa Mbawala analowa mu Ufumu wa Mawationa pa 3 Malichi, m'chaka cha 27 cha ulamuliro wa Mfumu Sakhudzadothi Yachinayi. Olemba mbiri ena amati linali pa 4, koma amalakwitsa. Pa 4 ndi tsiku limene magalimotowo anatsukidwa, ndipo anthu amakumbukira tsikulo chifukwa ndi limene linali ndi magule.

Amene anawapanga, kutsidya lina la nyanja zamchere, ankaganiza za mabanja wamba: bambo, mayi, ana, ndi katundu wa ulendo wa kumudzi. Injini inali imodzimodzi m'magalimoto onsewo, mabuleki omwewo, matayala omwewo. Kusiyana kunali pa thupi ndi pa zokometsera basi. Panali mitundu inayi ya saluni, zija zazifupi zokhala ndi buti kumbuyo, ndi mtundu umodzi wa wagoni, yotalika msana ngati owotcherera anaiwala polekezera.

Nduna za ku Bwalo la Inde, mumzinda waukulu wa Dikirani, zitayang'ana magalimotowo sizinaone mabanja. Zinaona makwerero. Pa 11 Malichi, Mkulu wa Mwambo, a Gwedemula, anaimirira pakhonde la Bwalolo n'kuwerenga Lamulo la Mbawala kuti dziko lonse lidziwe amene ali pamwamba pa mnzake.

Saluni yotsikitsitsa anaitcha Ndayamba, ndipo inali ya achiwiri kwa nduna: mipando yansalu, wailesi, ndi mawindo a batani kutsogolo kokha. Pamwamba pake panali Ndikubwera, ya nduna zenizeni, ya magalasi akuda, mpweya wozizira ndi giya yodzisintha yokha. Nduna zikuluzikulu zinalandira Ndafika, imene pamwamba pa zonsezo inali ndi mipando yachikopa yotentha yokha ndi denga lotseguka. Palibenso inali imodzi yokha, ya Mfumu, ndipo inaonjezera kafiriji pakati pa mipando ndi katani yobisa khosi la dalaivala.

Lamulolo linanenetsa kuti saluni ndi mpando wa udindo, choncho imanyamula mwini udindo ndi dalaivala wake basi. Mkazi, mwana, nkhuku kapena thumba la chimanga zimapeputsa boma. Linatinso munthu wa boma asapezeke m'galimoto yosiyana ndi udindo wake, ngakhale basi, ngakhale matola. Ndipo chokometsera chilichonse chimene udindo wapatsa munthu chizikhala choyatsa nthawi zonse, chifukwa kuzimitsa mphatso ya Mfumu n'kuinyoza.

Wagoni inatsala pansi pa makwerero. Inali ndi mipando isanu ndi iwiri, chitseko chakumbuyo chotsegukira m'mwamba, kaliyala padenga, ndi mimba yotalikirana ndi nthaka. Nduna zinati imaoneka ngati chinthu chogwira ntchito, choncho inaperekedwa kwa oyang'anira milatho a m'zigawo zakutali, oti aziyendetsa okha. Za zimene inganyamule, lamulo silinanene kanthu, pakuti pofika pamenepo a Gwedemula anali atauma kukhosi. Ndi dzina lomwe sanaipatse. Anthu a pa Msika wa Tsitsaniko ndiwo anaitcha Chimsana.

A Yotamu Chimkwende, Wachiwiri kwa Nduna ya Misewu ndi Milatho, anafika kunyumba ndi Ndayamba yawo yotuwa madzulo a tsiku lomwelo. Anali munthu wodekha, wosakonda phokoso, wokhulupirira ndi mtima wonse kuti anafika pamene anali chifukwa cha nzeru zawo. Ana awo asanu anathamanga kukaizungulira galimotoyo, kuphatikizapo Tiyese, mwana woyamba, amene anali kale pa chibwenzi chodziwika kwa makolo. Akazi awo, a Nachisale, anatuluka akupukuta m'manja pachitenje, anasuzumira mkati, n'kuyang'ana mipando umodziumodzi.

"Ndi yokongola," iwo anatero. "Ife tizikhala pati?"

"Mayi a Tiyese, lamulo likuti..."

"Lamulo lanulo ndalimva pa wailesi. Ndikufunsa inu."

A Chimkwende anayang'ana matayala. Ankadziwa kumene nkhaniyo inkalowera. Chaka chapitacho, pa maliro a malume awo a Nachisale ku Mathero, iwo anafika okha pa galimoto ya boma, suti ili gwa, pamene mkazi ndi ana anafika mochedwa pa lole ya simenti, atayera mbuu ngati mizukwa. Amayi a kumeneko anapeka nyimbo, ndipo nyimboyo inali ikuimbidwabe pamtondo.

"Chinkhoswe cha Tiyese chili Loweruka lomaliza la Okutobala," anatero a Nachisale. "Tikalowe m'mudzi mwathu tonse, galimoto imodzi, ine pambali panu. Mukakafikanso nokha, mudzabwereranso nokha. Ine ndidzatsala kwathu, ndipo ana mukudziwa kuti ndi a kwathu."

Sanakweze mawu, ndipo n'zimene zinawaopsa kwambiri a Chimkwende. M'zaka zonse za banja lawo, zimene a Nachisale ankanena mokuwa zinkatha pofika mawa. Zonenedwa motsitsa mawu zinkachitika.

Galimoto yokhayo m'ufumu wonse imene ikanatha kunyamula banja lawo mosaphwanya lamulo inali Chimsana, ndipo Chimsana inali sitepe imodzi pansi pawo. Kutula pansi udindo sikunkaloledwa, chifukwa kukanakhala kubweza mphatso ya Mfumu. Panatsala njira imodzi: kulakwa poyera, kuti awatsitse.

Pa 6 Epulo Mfumu inalankhula m'Bwalo la Inde za tsogolo la ufumu, monga inkachitira mwezi uliwonse. Itafika pa gawo lokondedwa, lonena za mlatho umene udzamangidwe pa mtsinje wa Bwererani panjira ya ku Mathero, a Chimkwende anatsamira khoma, anatseka maso, n'kuyamba kuliza mkonono. Poyamba ankachita dala. Kenako tulo tinabweradi, pakuti lonjezo la mlathowo anali atalimva chaka chilichonse kuyambira ali kalaliki.

Anadzidzimuka Bwalo lili zii, a Gwedemula atawaimirira pamutu.

"Mwini Dziko," anatero a Gwedemula potembenukira kwa Mfumu, "taonani munthu uyu. Ena tonsefe timatchera khutu chifukwa mwina penapake mumtima timakayika. Uyu sakayika. Mawu anu amawakhulupirira mpaka safunanso kuwamva."

Nduna zinaomba m'manja. Sabata isanathe a Chimkwende anali Nduna yonse ya Misewu ndi Milatho, ndipo anapita kunyumba pa Ndikubwera. Magalasi ake anali akuda bii moti ana anathawira kuseri kwa nyumba poganiza kuti kwabwera apolisi. A Nachisale okha ndiwo anayandikira n'kugogoda pawindo.

"Muli momo? Tsegulani ndimuone munthu amene ndinakwatiwa naye."

Galasi linatsika. Munatuluka mpweya wozizira, kenako nkhope ya a Chimkwende, mphuno itayamba kale kuchucha.

"Paja munati mukutsika," anatero a Nachisale. "Kapena kwanu kutsika n'kumeneku?"

Chimfine chinawagwira mwezi wathunthu, ndipo ali gone anaganiza mozama. Anaona kuti kugona ndi kulakwa kwachete, kotheka kukutanthauzira mulimonse. Panafunika kulakwa kwa pakamwa, kopusa mosabisika, koti ngakhale a Gwedemula asowe pogwira. Pa 15 Juni anaimirira m'Bwalo.

"Mwini Dziko, anthu akudandaula za maenje a mu Msewu wa Malonjezo. Ine ndikuti tisawakwirire. Tiwatche madamu a nsomba. M'dzinja amadzaza okha madzi, boma osatayapo kanthu. Ife tingoponyamo matemba."

Anakhala pansi n'kudikira kuti asilikali awagwire pakhosi. Nduna zonse zinayang'ana nkhope ya Mfumu kuti zidziwe zimene zikuganiza.

"Maenjewo alipo ochuluka?" Mfumu inafunsa.

"Kuchokera pano mpaka ku Mathero, Mwini Dziko."

"Ndiye kuti ufumu wanga uli ndi madamu ambiri kuposa maufumu onse oyandikana nafe," inatero Mfumu, n'kumwetulira.

Lamulo linatuluka pa 18 Juni lakuti aliyense wokwirira dzenje mumsewu adzaimbidwa mlandu woononga ulimi wa nsomba. Pa Msika wa Tsitsaniko anthu analilandira mwaulemu. Mayi wina wogulitsa usipa anafunsa ngati munthu wothyoka mwendo m'damu la boma aziti wagwa kapena wamira. Akabaza anati iwo tsopano ndi opalasa mabwato, n'kukweza mtengo. Bambo wina amene dzenje lalikulu linali pakhomo pake penipeni anapempha kuti azitchedwa mlimi wotsogola.

A Chimkwende anakwezedwa kukhala Nduna Yaikulu ya Misewu, Milatho ndi Madamu, ndipo anawapatsa Ndafika. Monga mwa lamulo, zonse zinkakhala zoyatsa. Mpweya unkaziziritsa, mpando unkatenthetsa, denga lili yasa. Kumutu kunkakhala Juni, kumatako Okutobala, ndipo padengapo pankalowa fumbi la miyezi yonse.

Ulendo uno a Nachisale sanatulukenso kudzaona. Anatsitsa sutikesi yaikulu pamwamba pa wodulopu, anaipukuta fumbi, n'kuiika pakona ya chipinda ili chitsegukire. Masiku akamapita, a Chimkwende ankapezamo chitenje china chatsopano chitapindidwa bwinobwino pamwamba pa chinzake.

Atasowa wokamba naye, anauza dalaivala kuti awapititse kumsika, kwa mlamu wawo Jailosi, mlongo wa a Nachisale, amene ankagulitsa matayala akale ndi masipeya kuseri kwa ogulitsa makala. Popeza anthu sakanawazindikira m'magalasi akudawo, anaimirira pampando n'kutulutsa mutu padenga.

"Alamu!" anakuwa Jailosi. "Mwaphuka ngati bowa! Tsikani msanga mungapse. Tamva kuti mipando yanuyo ikuwotcha mbatata."

Anakhala kuseri kwa mulu wa matayala, ndipo a Chimkwende anafotokoza zonse: mawu a a Nachisale, sutikesi, Chimsana.

"Ndalakwa kawiri, andikweza kawiri," anamaliza motero. "Mutu wanga sukugwira."

Jailosi anaseka mpaka anatsokomola. "Alamu, ukalaliki munausiya chaka chiti?"

"Chaka cha 12."

"Chija munatumiza simenti ya mlatho ku chigawo chopanda mtsinje?"

"Zinangochitikira nthawi imodzi."

"Chabwino. Nanga uwachiwiri kwa nduna?"

A Chimkwende anakumbukira. Chimenecho chinali chaka chimene msewu umene ankauyang'anira unakathera m'khola la ng'ombe la munthu.

"Pamsika pano ngakhale wogulitsa mchere amazidziwa," anatero Jailosi akupukuta misozi. "Osadziwa ndinu a m'Bwalomo, poti aliyense amati anakwera ndi mutu wake. Mfumu siilakwitsa posankha munthu. Ndiye munthu wakeyo akalakwa, cholakwacho chimasanduka nzeru, ndipo nzeru imafuna mphoto. Mwambo wake ndi umenewo kuyambira kwa agogo ake."

"Nanga otsika amatsika bwanji?"

"Mukuwakumbuka a Sikelo aja a ku Zaumoyo? Anafikitsa mankhwala m'zipatala zonse chaka chathunthu. Lero ali pa njinga yamoto, akuyendera zimbudzi kumalire. Gwirani ntchito, alamu, mutsika. Koma mosamala. Mukagwira yochepa akusiyani pa saluni. Mukapyola muyezo mudutsa Chimsana n'kukagwera pa njinga, ndipo alongo anga sangakwere njinga ndi ana asanu."

A Chimkwende anawerenga pa zala. Tsopano anali masitepe atatu pamwamba pa wagoni. Ntchito yaing'ono sikanakwana.

"Ndimanga mlatho wa Bwererani," anatero.

Jailosi anasiya kuseka. "Umenewo ndi wa Mfumu, wolonjeza."

"Ndi umene uli panjira ya kwanu."

Ntchito inayamba pa 2 Julayi, madzi ataphwera. Chimene chinawadabwitsa a Chimkwende chinali kuphweka kwake. Zitsulo zinapezeka m'nkhokwe ya boma, momwe zinkatulutsidwa kamodzi pachaka kuti zikajambulitsidwe pambali pa Mfumu, n'kubwezedwanso. Miyala ya maziko imene Mfumu inkaika chaka ndi chaka inali itaunjikana m'mphepete mwa mtsinje, yokwanira kumangira chipilala chimodzi chathunthu. Amisiri a unduna, amene kwa zaka zambiri ankangosewera bawo pansi pa mtengo wa kuseri kwa ofesi, poyamba anayesa nthabwala. Ataona simenti ikusakanizidwadi, wamkulu wawo anavula chipewa n'kufunsa ngati zimenezi n'zololedwa.

A Chimkwende ankapita kumtsinjeko pa Ndafika, imene inkakhula mimba m'damu lililonse la m'njira. Ankafika atanyowa kumsana ndi kuzizidwa m'makutu, n'kuvula jekete, n'kuima padzuwa mpaka ntchito ya tsikulo itatha. Anthu a tsidya lija ankabwera kudzaonerera atakhala pamwamba pa chulu, osanena kanthu, poopa kuti akayamikira mwina zisiyira pomwepo.

Mlathowo unatha pa 9 Okutobala. Unali wolimba, wowongoka, wotha kudutsa lole. Utoto wokha a Chimkwende anausiya dala, poopa njinga. Yoyamba kuwoloka inali mbuzi ya munthu wina. Wachiwiri anali mayi wosenza nkhuni, amene anawoloka, anabwerera, n'kuwolokanso, nkhuni zili pamutu.

Bwalo la Inde linakumana mwadzidzidzi pa 12 Okutobala, ndipo olemba mbiri amagwirizana kuti silinayambe lakwiyapo chotero.

"Mwini Dziko, munthu uyu wakuberani lonjezo!" anatero a Gwedemula. "Zaka zonsezi anthu a ku Mathero akhala akukuvinirani podikira mlatho. Chaka chamawa mukawauza chiyani? Akangozolowera kuwoloka osavula nsapato, ayamba kufunsa za chipatala."

Nduna ya Madzi inaimirira misozi ili m'maso. "Akaona kuti mlatho umatheka, adzati mijigo nayonso imatheka. Anzathu, ife tili ndi ana."

Nduna ina inati munthu wotere apatsidwe njinga yamoto. Ina inati yamoto yachuluka, yakapalasa ikwana. M'maganizo mwawo a Chimkwende anaona sutikesi ija itatsekedwa, ndi iwo akupalasa okha kubwerera ku Dikirani. Anagwada pakati pa Bwalo n'kuomba m'manja.

"Mwini Dziko, ndalakwa, sindikukana. Koma sindinalakwe mpaka kumapeto. Mlathowo sunathe. Ulibe utoto."

Mfumu inawerama pang'ono. "Ulibe utoto?"

"Ngakhale dontho. Zitsulo zake zili mbee."

"Ndiye kuti utoto ndingathe kulonjeza?"

"Kwa zaka zambiri, Mwini Dziko. Mwinanso chaka china mtundu wake, chaka china tsiku lopaka."

Nkhope ya Mfumu inamasuka, ndipo nkhope za nduna zinamasuka nayo. Chigamulo chinali chakuti a Yotamu Chimkwende, popeza anasiyako kanthu, asafike pa njinga, koma akhale Woyang'anira Milatho wa Chigawo cha Mathero, kuti akhale pafupi ndi ntchito imene aikondetsa. Anzawo anawagwira chanza mwachisoni ngati pamaliro. Iwo anayesetsa kugwetsa nkhope, ndipo zinawavuta.

Panatsala mwambo umodzi. Ku Mawationa, munthu wotsitsidwa amalandira kiyi kuchokera m'dzanja la Mfumu yeniyeniyo, pabwalo la nyumba yachifumu, kuti onse aone manyazi ake. Mwambowo unachitika Lachinayi, chinkhoswe chili mkuja. Antchito anayala mikeka kuchokera pakhonde mpaka pamene panaima wagoni, pakuti phazi la Mfumu siliponda dothi.

Mfumu inali isanaonepo Chimsana pafupi. Inaizungulira, antchito akuthamangitsa mikeka patsogolo pake. Inalamula kuti atsegule chitseko chakumbuyo, ndipo chitakwera m'mwamba, inasuzumira nthawi yaitali.

"Malo onsewa ndi a chiyani?"

"A banja, Mwini Dziko," anayankha a Chimkwende.

"Banja limakwera pamodzi?"

"Amene anaipanga ankaganiza choncho."

Mfumu inayang'ananso mipandoyo. Kuyambira pamene inalowa ufumu inkayenda yokha kuseri kwa katani, Mfumukazi ikutsatira pa galimoto ina, ana pa ina. Inalowa n'kukhala pampando wapakati, inatambasula miyendo, inagwira denga. Wantchito wina wofuna kuoneka wanzeru anaonetsa kuti mipando yakumbuyo imapindika n'kukhala ngati bedi.

"Gwedemula," inatero Mfumu, "bwanji ine ndilibe yotere?"

Kiyi inali idakali m'dzanja lake. A Chimkwende ankadziwa zimene zimatsatira funso lotere. Chimene Mfumu yakonda chimakhala cha Mfumu. Pofika mawa wagoni ikanakhala pamwamba pa makwerero, yoletsedwa kwa wina aliyense, ndipo iwo akanawapatsa saluni ina yotsala. A Gwedemula anali atayamba kale kukonza kukhosi kuti atamande msana wautali.

"Mwini Dziko," anafulumira a Chimkwende, "ndisakubiseni, galimoto iyi ili ndi zilema."

"Nena."

"Magalasi ake ndi oyera. Amene ali panja amakuonani, inunso mumawaona."

Mfumu inakwinya pachipumi.

"Mpweya wozizira mulibe, ndiye kukatentha mumapukusa windo ndi dzanja. Windo likangotseguka, anthu amayamba kulankhula nanu."

"Kulankhula zotani?"

"Zimene zili kukhosi kwawo. Za madamu a mumsewu, za mankhwala, za mitengo ya zinthu. Ena amakuimikani n'kupempha kukwera nawo, poti amaona okha kuti malo alipo. Ndipo akakwera, Mwini Dziko, salekeza mpaka mutafika."

Mboni zimati Mfumu inatuluka m'wagonimo mwaliwiro limene silinaonekepo, moti inatsala pang'ono kuphonya mkeka. Inapereka kiyi ndi zala ziwiri, mkono uli tambalale.

"Chilango chimenechi n'chowawa," inatero, "koma wachifuna wekha."

Ananyamuka Lachisanu m'mawa. Pakaliyala panakwera mtondo, malichero, madengu ndi mikeka. Ana asanu anadzaza mipando yakumbuyo. Jailosi, malume wake wa mwana, anadzipanikiza pafupi ndi chitseko chakumbuyo atafungatira msoti wa chinkhoswe, n'kunena kuti iye amuwerengere ngati katundu. Sutikesi ija inalowanso, ndipo a Chimkwende anainyamula okha osafunsa kuti muli zovala za masiku angati. A Nachisale anakhala kutsogolo, anamanga lamba, n'kuika manja pamiyendo.

Chimsana inadutsa m'madamu onse a mu Msewu wa Malonjezo osakhula mimba ngakhale kamodzi. Panjira, ana atapanikizana, anatola gogo wina wopita kuchipatala, amene anawafotokozera zolakwa za boma kuyambira pokwera mpaka potsika, osadziwa kuti dalaivalayo anali Nduna Yaikulu masabata apitawo. Pamlatho wa Bwererani ana anaimba, msoti unalira, ndipo a Chimkwende anayendetsa pang'onopang'ono kuti zitsulo zopanda utotozo zioneke bwino.

Polowa m'mudzi, amayi a nyimbo ija anali ataima m'mbali mwa msewu. Anasuzumira m'magalasi oyerawo n'kuona mitu yonse. A Nachisale anapukusa windo mosafulumira, anatsamiritsa chigongono, n'kuyamba kupereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, kuyambira ndi amene anapeka nyimboyo. Nthungululu zinamveka mpaka kudambo.

Chinkhoswe chinayenda bwino. Lamulungu masana, a Chimkwende anaima pafupi ndi galimoto akupukuta galasi limene linali loyera kale. Sutikesi inatuluka m'nyumba ya apongozi awo pamutu pa Tiyese. Kumbuyo kwake kunabwera a Nachisale, amene anatsanzika abale awo, anatsegula chitseko chakutsogolo, n'kukhala pamalo awo.

Atawoloka mlatho, Jailosi anaitana kuchokera kumbuyo, kumene tsopano anali atafungatira tambala.

"Alamu, mwaganizapo? Kuyambira lero mukangolakwa kamodzi kokha, akukwezani."

A Chimkwende anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Patsogolo pang'ono msewu unadutsa pa kamlatho ka pakhwawa, kong'ambika mbali imodzi, koti mvula yoyamba ikanakakokolola. A Nachisale anakayang'ana podutsa, n'kutembenuka kukayang'ananso.

"Bambo a Tiyese, kamlatho ako mwakaona?"

"Ndakaona."

"Mudzakakonza liti?"

"Mawa m'mawa."

Kuyambira chaka chimenecho, m'Chigawo cha Mathero simunagwenso mlatho, ndipo a Chimkwende sanakwezedwenso. Ku Bwalo la Inde amawatchulabe pochenjeza nduna zatsopano, ngati munthu amene anali ndi tsogolo koma analitaya yekha. Utoto wa mlatho wa Bwererani unalonjezedwa koyamba m'chaka cha 28, ndipo m'chaka cha 31 Mfumu inalengeza kuti udzakhala wobiriwira.